Kinnah Phiri: zigoli 71 zomwe ambiri adangozimva pa wayilesi

M'nyumba zoonetsera mpira kwa Makawa, ku Monkey Bay ndi pa boma pa Mangochi, anyamata amakangana za Haaland ndi Salah mpaka mawu kusasa. Koma mutawafunsa amene adagoletsa zigoli zambiri m'mbiri ya Flames, ena angakutchulireni Gabadinho Mhango. Yankho ndi Kinnah Phiri: zigoli 71, ndipo mpaka lero palibe wamufika.

Anyamatawa si olakwa. Wayilesi ya kanema idayamba m'dziko muno mu 1999, Kinnah atasiya kalekale kusewera. M'zaka za m'ma 1970, pomwe ankasautsa magoloboyi ali ku Bata Bullets, msodzi wa ku Malindi ankamudziwira pa MBC basi, uku akusoka ukonde. Ku Kamuzu Stadium kudali kutali, ndipo ndalama ya basi sinkapezeka wamba.

Kinnah adabadwa mu 1954. Adali m'timu ya Ted Powell yomwe idatenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978, itagonjetsa Zambia 3-2 m'ndime yomaliza konkuno. Chaka chotsatira Flames idatetezanso chikhocho ku Kenya.

Chowawa pa mbiri yake n'chakuti mpira sudamupatse zomwe miyendo yake inkayenera kulandira. Timu ya Sharjah ya ku United Arab Emirates itamufuna, akuluakulu a nthawi imeneyo sadamulole kupita. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 adalowera ku Swaziland, kukasewera ku Manzini Wanderers, ndipo pomwe Malawi inkapita koyamba ku AFCON mu 1984, mwini zigoli uja kudalibe. Lero mnyamata akangogoletsa zisanu mu ligi, pasipoti ili kale m'thumba.

Zomwe adamanidwa ngati wosewera adazipeza ali mphunzitsi. Mu 2004 adafikitsa Bakili Bullets m'ndime ya m'magulu ya CAF Champions League, atatulutsa Orlando Pirates. Mu 2008 adapatsidwa Flames, ndipo mu June chaka chomwecho Egypt, akatswiri a Africa, idagwa 1-0 ku Blantyre ndi chigoli cha Chiukepo Msowoya. Pa 11 January 2010 ku Luanda, Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda adamwetsa Algeria 3-0, timu yomwe inkakonzekera World Cup. Izi ndiye anthu a kunyanja adaziona ndi maso pa kanema.

Komatu mpando wa kochi wa Flames sumusunga munthu. Mu January 2013 adamuchotsa ntchito, ndipo adayambanso kuyendayenda: Free State Stars ku South Africa, komwe adaphunzitsako kale, kenako Mbeya City ku Tanzania ndi Mochudi Centre Chiefs ku Botswana. Apa n'kuti ali ndi zaka zoposa 60, akadali kusaka ntchito kunja komwe ali mnyamata adamuletsa kupita.