Chifukwa Chake Mbala Zimagula Maina pa Intaneti

Abale athu a ku Chamama, mabelo a fodya akapita ku msika wa Chinkhoma, mlimi aliyense amakhala tcheru ndi foni yake, kudikira mawu a ku banki. Nyengo yomweyo mbala nazo zimatchera misampha. Tsono tiyeni tione m'mene msampha wina umapangidwira.

Tsamba lililonse la pa intaneti lili ndi dzina lake, monga sitolo ili ndi chikwangwani pakhomo. Dzinalo amachita kugula ndi kulembetsa chaka ndi chaka. Ambiri a kuno kwathu amathera ndi.mw. Mbala imalembetsa dzina lofanana ndi la banki, kungosintha lemba limodzi, nitumiza uthenga wakuti: "Ndalama zanu zafika, lowani apa." Munthu akalowa nalembamo nambala yake yachinsinsi, thukuta la chaka chonse lapita.

Nanga mbala imasankha bwanji kogula dzina? Imaŵerengera mtengo monga wamalonda aliyense. Idziŵa kuti dzina lachinyengo silikhalitsa, pakuti likadziŵika amalitseka. Chotero ifuna maina ambirimbiri, kuti lina likatsekedwa itulutse lina. Ithamangira kumene maina ali otsika mtengo, kumene angagulidwe mazana nthaŵi imodzi, ndi kumene wogulitsa safunsa kuti wogula ndani.

Taonani chitsanzo. Kampani ya Freenom, ya ku Netherlands, inkagaŵa ulere maina othera ndi .tk, a zilumba zazing'ono za Tokelau, ndiponso a Mali ndi Gabon. Mbala zinaunjikana kumeneko ngati ntchentche pa uchi. Kampani ya Meta, mwini wa Facebook ndi WhatsApp, itaisumira ku bwalo la milandu ku America, Freenom inaleka kugaŵa maina m'chaka cha 2023. Koma mbala sizinathe ayi. Zinangosamukira kwa ogulitsa ena otsika mtengo.

M'dziko lathu muli lamulo la 2016 loletsa umbava wotere, komabe mbala ingakhale kutsidya la nyanja kumene wapolisi wa ku Kasungu sangafike. Mlonda woyamba ndinu eni.

Chifukwa chake tikupemphani: musakhulupirire dzina pongoona kukongola kwake, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nambala yachinsinsi musaipereke kwa munthu aliyense. Mukakayika, kwerani njinga mukafunse ku banki maso ndi maso. Ndipo inu ana odziŵa kuŵerenga, thandizani makolo anu.