Chifukwa chiyani chiwerengero cha amuna ndi akazi a transgender chimasiyana m'zipatala?

LONDON — Kwa zaka zambiri, mwa anthu opita kuchipatala ku Ulaya kukafuna kusintha thupi kuti ligwirizane ndi momwe amadzionera, ochuluka anali obadwa aamuna amene amadziona kuti ndi akazi. Amenewa amatchedwa akazi a transgender, pamene obadwa aakazi odziona kuti ndi amuna amatchedwa amuna a transgender. Koma pakati pa achinyamata zinthu zatembenuka, ndipo akatswiri sakugwirizana pa chimene chachititsa.

Chipatala cha ku Amsterdam chidalandira anthu 6,793 pakati pa 1972 ndi 2015. Mwa iwo, 4,432 anali obadwa aamuna ndipo 2,361 anali obadwa aakazi. Ku London, chipatala cha Tavistock chidalandira achinyamata obadwa aamuna 24 ndi obadwa aakazi 15 mu 2009. Pofika 2016, obadwa aakazi anali 1,071 pamene obadwa aamuna anali 426.

Chifukwa choyamba chimene ofufuza amatchula ndi kudziwika kwa nkhaniyi. Mu 1952 nyuzipepala zidafalitsa mbiri ya Christine Jorgensen, yemwe adali msilikali wa dziko la America ndipo adalandira chithandizo ku Denmark. Kuyambira pamenepo, amene ankamveka kwambiri anali akazi a transgender, kotero obadwa aakazi ambiri sankadziwa kuti chithandizo chilipo kwa iwonso. Intaneti idadzasintha zimenezi.

Chachiwiri ndi momwe anthu amaweruzira ana. Mtsikana wokonda mathalauza ndi mpira sadabwitsa kwenikweni, koma mnyamata wovala diresi amasekedwa, mwinanso kumenyedwa. N'chifukwa chake makolo ankafulumira kupita ndi anyamata kwa dokotala. Chitonzo chomwecho chikhoza kuchititsa anyamata okulirapo kubisa zakukhosi mpaka atakula.

Chachitatu chili m'thupi. Atsikana amatha msinkhu msanga, ndipo kumera mabere ndi kuyamba kusamba kumasautsa kwambiri amene samadziona kuti ndi mkazi. Mankhwala nawonso amagwira mosiyana: testosterone amakulitsa mawu ndi kumeretsa ndevu, pamene oestrogen sabweza mawu amene adakula kale.

Chachinayi ndicho chautsa mkangano. Mu 2018 Lisa Littman wa ku America adalemba kuti achinyamata ena angakhale akutengera anzawo. Otsutsa adati iye adafunsa makolo okha, osati achinyamatawo, ndipo magazini imene idasindikiza kafukufukuyo idatulutsa kukonza mu 2019. Dr Hilary Cass, dokotala wa ana amene adaunika chithandizochi ku England, adanena mu lipoti la April 2024 kuti palibe chifukwa chimodzi chokha, koma zachibadwa, zam'maganizo ndi zachikhalidwe zimalukana.

Malo nawonso amasiyana. Ku Poland ndi ku Japan, amuna a transgender anali ochuluka m'zipatala kalekale. Kalembera wa mu 2021 ku England ndi Wales adapeza amuna a transgender pafupifupi 48,000 ndi akazi 48,000, ngakhale ofesi yowerengera anthu idavomereza pambuyo pake kuti ena osadziwa bwino Chingerezi mwina sadamvetse funsolo. Zonsezi zikusonyeza kuti mabuku a chipatala amawerenga okhawo amene afika pakhomo pake, osati onse amene alipo.

Komabe, ziwerengerozi zasintha kale ndondomeko. Mu March 2024 chipatala cha achinyamata cha Tavistock chidatsekedwa, ndipo bungwe la zaumoyo la NHS England lidasiya kupereka mwachizolowezi mankhwala ochedwetsa kutha msinkhu. Mabanja okhala ku England tsopano amatumizidwa kuzipatala zatsopano za m'zigawo, komwe mzere wodikira ndi wautali.