Asilikali a m'magazi akachepa, mlimi achitenji?

Alimi anzanga a kuno kwa Kanduku, mukayezetsa magazi pa chipatala chachikulu cha Mwanza, pa kapepala ka zotsatira pamakhala mzere wolembedwa WBC. Amenewo ndiwo maselo oyera, asilikali olimbana ndi tizilombo m'thupi. Musasokoneze ndi kuchepa kwa magazi kumene kumayeretsa zikhatho. Kumeneko n'kwa maselo ofiira.

Mabuku a zachipatala amati munthu wamkulu akhale ndi asilikali pakati pa 4,000 ndi 11,000 m'kadontho kotchedwa maikolita. Ndaonapo anzathu ena akusiya khasu sabata yathunthu ndi nkhawa chifukwa pepala lati 3,600. Ine ndikuti fatsani kaye. Miyeso imeneyi anaitenga makamaka kwa azungu, pomwe ife anthu akuda ambiri timabadwa ndi asilikali a mtundu wa nyutirofilo ocheperapo, koma tili bwinobwino. Chibadwa chomwechi ndichonso chimatiteteza ku malungo a mtundu wa vivax.

Komabe pena nkhani imakhalapo. Malungo amatsitsa asilikali, chimodzimodzinso chifuwa chachikulu, kachilombo ka HIV ndi tayifodi. Tayifodi si wachilendo kuno: mu 2009 anavuta kwa anansi athu ku Neno ndi ku Tsangano m'dziko la Mozambique. Mankhwala ena, monga Bakitirimu, AZT ndi a khansa, amatsitsanso. Koma chonde musasiye kumwa mwa inu nokha. Auzeni adokotala zonse zimene mukumwa, ndi zitsamba zomwe.

China chimene sitichilabadira ndi petulo. Muli poizoni wotchedwa benzini amene amaononga mafuta a m'mafupa, momwe magazi amapangidwira. Anyamata a njinga zamoto ndi ife a mainjini othirira m'dimba, tileke kupopa petulo ndi pakamwa kapena kusambira m'manja.

Thupi limasowanso zomangira. Bonongwe, nkhwani, nyemba ndi nandolo tili nazo; mazira, usipa ndi mkaka zisamangopita kumsika zonse.

Ngati simukudwala, kawirikawiri adokotala amangoti mudzayezetsenso pakapita masabata angapo, choncho kapepala koyamba kaja musakulungire fodya. Koma asilikali akachepa, thupi n'kutentha, m'kamwa kapena pakhosi n'kutuluka zilonda, musadikire kuti mutsirize kupalira kapena kugulitsa manachesi. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, kapepala kali m'manja.