Mabokosi a lipoti la kuchipatala amaswana ngati mbewa

Mayi wa pa Manjawira amene ali ndi zitenje zitatu ndi mabulauzi awiri angathe kupita kumsika kasanu ndi kamodzi osabwereza kavalidwe. Chitenje chilichonse chikumane ndi bulauzi iliyonse, basi. Masamu omwewa ndi amene amatopetsa kalaliki wa pachipatala chaching'ono mwezi ukamatha.

Tengani malungo. Unduna wa Zaumoyo sukhutira kungomva kuti kwabwera odwala angati. Umafuna kudziwa ngati ndi ana osakwana zaka 5 kapena opyola pamenepo. Amenewo ndi mabokosi awiri. Mukafunsanso ngati ndi amuna kapena akazi, akhala anayi. Magazi atayezedwa, malungo apezeka kapena ayi? Asanu ndi atatu. Wina ku Lilongwe akaganiza zogawa zaka m'magulu 10, fomu ija yakwana mabokosi 40, pa matenda amodzi okha. Funso latsopano siliwonjezera bokosi limodzi ayi, limachulukitsa onse amene analipo kale. Akatswiri a masamu anatchula kakumanitsidwe kotere m'dzina la René Descartes, Mfalansa amene anamwalira mu 1650.

Malipoti a zipatala za m'boma la Ntcheu, monga a maboma ena onse, amakalowa mu DHIS2, pulogalamu yosonkhanitsa ziwerengero za zaumoyo imene amaisamalira ku University of Oslo ku Norway. Malawi inayamba kuigwiritsa ntchito mu 2012. Woikonza salemba mabokosi amodziamodzi. Amangoiuza magulu a zaka ndi magulu a amuna ndi akazi, iyo n'kukumanitsa yokha.

Olemba mapulogalamu ali ndi zida zawo zochitira zomwezi. Chimodzi ndi Jsonnet, chilankhulo cha kompyuta chimene Dave Cunningham anachiyambitsa ku Google mu 2014. Munthu amalemba chikombole chimodzi, ngati cha njerwa, chokhala ndi malo a zaka ndi malo a mwamuna kapena mkazi. Kenako amalemba liwu lakuti "for" kawiri: koyamba kuti kompyuta iyende pamndandanda wa zaka, kachiwiri kuti pa gulu lililonse la zaka iyendenso pamndandanda winawo. Mzere umodzi umaumba njerwa zonse, ndipo palibe imene ingaiwalike kapena kulembedwa kawiri, monga zimachitikira munthu akamakopera pamanja maso atalemera.

Koma kompyuta ilibe manyazi. Mukaiwonjezera funso lakuti wodwala ndi woyembekezera kapena ayi, ikutulutsirani bokosi la bambo wapakati, ndi lina la khanda la miyezi itatu loyembekezera. Mpake kuti chilankhulochi chili ndi liwu lina, "if", logwira ntchito ngati sefa: chikombole chimaumba pokhapokha zinthuzo zikugwirizana. Pa fomu yapepala, mabokosi osatheka otere amangowadetsa kuti cholembera chisalowemo.

Pamene ndimaona vuto ndi apa. Kuumba mabokosi 40 kumatengera kompyuta kamphindi kosakwana kuphethira kwa diso. Kuwadzaza kumafuna munthu atsegule rejisitala, atsetse chala mzere ndi mzere, alembe timizere tinayi n'kudula kachisanu, uku kunja pabenchi amayi akudikira ndi mabuku a kuchipatala m'manja. Mlangizi wa zaumoyo wapalasa njinga kubweretsa ziwerengero za kumudzi, nazonso ziphatikizidwe. Kutopa kukafika, bokosi lina limatsala lopanda kanthu, ndipo wowerenga kuboma sadziwa ngati kunalibe wodwala kapena panalibe wowerengera.

Sikuti kugawa ziwerengero n'koipa. Mankhwala a malungo a LA amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa wodwala, motero woitanitsa mankhwala ayenera kudziwa kuti ana ndi angati, akulu ndi angati, kuopa kuti mapaketi a akulu angadzaze shelefu pamene a makanda atha. Bokosi limenelo lili ndi ntchito. Koma wofuna kuwonjezera funso pa fomu ayambe wakhala tsiku lomaliza la mwezi pa tebulo la kalaliki, awerengere naye mpaka dzuwa kulowa.