Chipatala, Nyumba ya Mapemphero ndi Mpope wa Madzi: Tiudziwe Bwino Mzinda wa Zomba

Achinyamata anzathu a m'makalabu, ambiri a inu mumafika ku Zomba pokagulitsa masamba, nsomba za ku Chilwa kapena mpunga, ena pokaona achibale. Koma kodi mnzanu atadwala usiku, kapena atakunong'onezani kuti akufuna kuyezetsa magazi kumalo kumene sakumudziwa, mungamulozere khomo liti? Lero tifotokoze mmene zipatala, mipingo ndi zinthu zothandiza anthu onse zimagwirira ntchito mumzindawu ndi m'madera ouzungulira.

Zomba linali likulu la dziko lino mpaka mu 1975 pamene likulu linasamukira ku Lilongwe. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mumzindawu munali anthu oposa 105,000. Komabe zipatala zake zimathandizanso anthu ochuluka kwambiri ochokera kumidzi, ndiye kuti inuyo.

Zipatala zili ngati makwerero

Thandizo limayambira m'mudzi momwemo kwa alangizi a zaumoyo. Kenako pali zipatala zing'onozing'ono monga za Thondwe, Chingale ndi Matawale. Kumeneko ndi kumene mungayezetse malungo, kulandira uphungu, kuyezetsa HIV, kutenga makondomu ndi kulandira ma ARV. Matenda akakula, iwowo ndi amene amalemba kalata yokutumizani ku Zomba Central Hospital, chipatala chachikulu chomwe chimalandiranso odwala ochokera ku Machinga, Balaka ndi Mangochi.

N'chifukwa chiyani tikufotokoza zimenezi? Ambiri amaganiza kuti mankhwala enieni ali m'tauni basi. Amagulitsa nkhuku kuti apeze ya kabaza ndi ya minibasi, n'kukaima pamzere tsiku lonse, pamene mankhwala omwewo akanawapeza pafupi ndi kwawo. Ma ARV a ku Chingale ndi a ku Central ndi amodzimodzi. Yambirani pafupi, ndipo kulikonse kumene mukupita musaiwale kabuku kanu ka kuchipatala.

Mu Zomba mulinso Zomba Mental Hospital, chipatala chachikulu cha boma chothandiza matenda a maganizo. Anthu amangoti "kwa amisala", koma kuvutika maganizo ndi matenda ngati ena onse. Mnzanu akasiya kudya, akamadzipatula kapena akamakamba zodzipha, makamaka atangomva zotsatira za magazi ake, musamusiye yekha. Mperekezeni kuchipatala chapafupi, ndipo iwo adziwa kotumiza.

Mipingo nayonso ili ndi zipatala

Zomba ndi dera la zipembedzo zambiri. Kuli Akatolika ndi dayosizi yawo, a CCAP omwe mishoni yawo ya Domasi inayamba mu 1884, a Anglican ku Malosa, a Seventh Day, mipingo ya Pentekoste, komanso Asilamu ambiri omwe ali ndi mizikiti m'tauni ndi m'midzi momwe.

Chomwe ambiri sachilingalira n'chakuti mipingo yomweyi ili ndi zipatala. Chipatala cha St Luke's ku Malosa ndi cha mpingo wa Anglican. Chipatala cha Pirimiti cha kufupi ndi Jali ndi cha mpingo wa Katolika. Zipatala zotere zili pansi pa bungwe la CHAM, lomwe limapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a thandizo la zaumoyo m'Malawi, makamaka kumidzi. Zoona, m'zipatala za mishoni mumakhala kulipira, koma kuyezetsa HIV ndi ma ARV n'zaulere. Kuyambira mu 2006 boma linayambanso kupanga mgwirizano ndi zina mwa zipatalazi kuti amayi oyembekezera ndi ana obadwa kumene azithandizidwa osalipira. Funsani ku chipatala cha kwanu kuti mudziwe thandizo lomwe lili laulere. Ndipo sakufunsani kuti mumapemphera kuti. Msilamu, Mkhristu ndi wosapemphera onse amaima pamzere umodzi.

Pemphero ndi mankhwala sizilimbana

Tamvani apa. Ngati mipingo imamanga zipatala, kuphunzitsa anamwino ndi kugawa ma ARV, ndiye kuti kumwa mankhwala si kuchepa chikhulupiriro ayi.

Akuluakulu kwanu akukumbukira za mu 1995. Chaka chimenecho anthu zikwizikwi anakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Goodson Chisupe, yemwe ankanena kuti analota mankhwala ochiza Edzi. Anthu anamwa, koma Edzi sinathe ndipo maliro anapitirira. Zinthu zinasintha pamene boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004. Chaka chomwecho kiliniki ya Tisungane inatsegulidwa pa Zomba Central Hospital. Anthu omwe anali gone pamphasa anadzuka n'kubwerera kumunda. Kuyambira mu 2016, aliyense wopezeka ndi kachirombo amayamba mankhwala posadikira kuti adwale kaye.

Masiku ano vuto ndi la anthu ena amene amauza odwala kuti "mwachira, tayani mankhwalawo". Zoona zake ndi izi: ma ARV amachepetsa kachirombo m'magazi mpaka makina oyezera kuchuluka kwake osakaonanso. Munthu akafika pamenepo sapatsira mnzake kachirombo pogonana. Koma sikuti katha. Kamabisala m'thupi, ndipo munthu akasiya mankhwala kamayambanso kuswana, chitetezo chimatsika, TB ndi matenda ena n'kupezerapo mwayi. Lamulo la HIV ndi Edzi la mu 2018 limaletsa kufalitsa bodza lakuti munthu akuchiza HIV.

Abusa, ansembe ndi mashehe ambiri amalimbikitsa anthu awo kupemphera uku akumwa mankhwala. Amenewo ndi oti kalabu yanu izigwira nawo ntchito. Nanga nthawi ya Ramadan kapena ya kusala kudya kumpingo? Ma ARV omwe ambiri amalandira lero ndi piritsi limodzi patsiku. Kambiranani ndi adokotala kapena anamwino nthawi yabwino yomwera. Musangosiya mwa nokha.

Madzi, chimbudzi ndi msewu

Madzi a m'mipope ya mumzinda amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri la Zomba, ndipo amayang'aniridwa ndi Southern Region Water Board. Mitengo ya m'phirimo ikamadulidwa, dothi limakokolokera m'damumo ndipo akasupe amaphwa. Kumidzi timadalira mijigo ndi zitsime. Kolera yomwe inayamba ku Machinga mu 2022 inafalikira dziko lonse n'kupha anthu oposa 1,700. Munthu amene chitetezo chake chatsika, kutsekula m'mimba kumamufooketsa msanga. Choncho kuthira kolorini m'madzi akumwa, kusamba m'manja ndi sopo ndi kukhala ndi chimbudzi chovindikira ndi mbali ya nkhondo yomweyi.

Msewu nawo ndi nkhani ya moyo. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula milatho ndi misewu m'chigawo cha kummwera, ndipo anthu ena analephera kukatenga mankhwala. Dzinja likamayandikira, amene ali pa ma ARV aonetsetse tsiku lawo lokatenga mankhwala, ndipo afunse ngati angalandire a miyezi ingapo. Mukakhala paulendo mankhwala n'kukutherani, pitani pachipatala chilichonse ndi kabuku kanu mukafotokoze.

Zofunika kuzisunga pamtima

Munthu wa zaka 13 kapena kuposerapo akhoza kuyezetsa HIV mwa kufuna kwake. Zotsatira zake ndi zachinsinsi.

Wina akagwiriridwa, athamangire naye kuchipatala pasanathe maola 72 kuti akalandire PEP, mankhwala oteteza kutenga kachirombo omwe amamwedwa kwa masiku 28. Musadikire kuti ankhoswe kapena amfumu akambirane kaye. Nkhaniyo ikafikenso kupolisi.

Bungwe la YONECO, lomwe likulu lake lili mu Zomba momwemo, limayendetsa nambala yaulere ya 116 yothandiza ana amene akuchitiridwa nkhanza.

Mafunso okambirana ku kalabu

1. Kuchokera m'mudzi mwanu, chipatala chapafupi ndi chiti, ndipo mlatho ukakokoloka mungadzere kuti?
2. Ndi atsogoleri ati achipembedzo amene mungawaitane kudzayankhula nanu pamodzi ndi alangizi a zaumoyo?
3. Mnzanu atakuuzani kuti wapemphereredwa ndipo wasiya ma ARV, mungamuyankhe chiyani mopanda kunyoza chikhulupiriro chake?

Jambulani mapu a dera lanu, muikepo chipatala, tchalitchi, mzikiti, mjigo ndi milatho, ndipo muwapachike pamalo amene mumakumanirapo.