Tsiku Lokonzekera Khirisimasi: Kugula, Kucheza ndi Kuphika Mosamala Ana

Amayi, mwezi wa Disembala ukafika midzi ya m'boma la Mwanza imadzaza ndi alendo. Ana athu ogwira ntchito ku Blantyre ndi ku Joni amabwera kumudzi, ndipo abale a ku Zobue ndi ku Tete amaoloka malire kudzationa. Pa 24 Disembala mayi amalawirira kumsika, masana amakalonjera azigogo, madzulo amayamba zophikaphika. Tsiku limeneli ndi lokoma, ndipo liyenera kudutsa modekha. Koma dziwani kuti matenda ambiri otsegula m'mimba amene amagwira ana pambuyo pa chikondwerero amayambira pa zochitika za tsiku lomweli.

Chifukwa chake nchiyani?

Khirisimasi imafika mvula itayamba. Madzi oyenda amakokolola zonyansa za kutchire ndi kuzithira m'zitsime ndi m'mitsinje. Ntchentche zimachuluka, ndipo kutentha kumathandiza tizilombo tosaoneka ndi maso kuswana msanga m'chakudya. Kolera amene anayamba m'dziko muno mu Malichi 2022 anakula kwambiri mvula itagwa, ndipo pofika mu 2023 anali atapha anthu oposa 1,700. Thupi la mwana ndi laling'ono ndipo limatha madzi msanga. Chakudya chimene wamkulu amangomva nacho kupotokola m'mimba chikhoza kugonetsa mwana m'chipatala.

Kumsika

Pitani m'mawa zinthu zisanawombedwe ndi dzuwa.

1. Gulani nyama yokhayo imene yapimidwa ndi alangizi a ziweto kapena a zaumoyo. Musagule nyama ya chiweto chofa chokha ngakhale itatsika mtengo motani.
2. Nyama ya nkhumba ikakhala ndi timatuza toyera tonga mpunga, isiyeni. Timeneto ndi ana a njoka zazitali zam'mimba.
3. Nsomba yaiwisi ikhale ya maso owala ndi mnofu wolimba. Usipa ndi matemba zikhale zouma bwino, zopanda nkhungu.
4. Nyama ndi nsomba zikhale m'jumbo lakelake, zisakhudzane ndi tomato, mango kapena buledi.
5. Sankhani mchere wokhala ndi ayodini, ndi mafuta ophikira okhala ndi vitamini A. Yang'anani tsiku lothera mphamvu pa zam'mapaketi ndi zam'zitini.
6. Bowa amene simukumudziwa bwino musagule, chifukwa bowa wina amapha banja lonse.

Ndalama zisathere ku zakumwa zam'mabotolo ndi maswiti. Dzira, nsinjiro, nyemba, bonongwe ndi mango zimamanga thupi la mwana koposa zimenezo. Sunganinso kangachepe koyendera ngati mwana atadwala usiku.

Kocheza kwa abale

Mwana wosakwana miyezi 6 ayamwe bere lokha basi. Azigogo chifukwa cha chikondi angafune kumulawitsa thobwa, tiyi kapena madzi. Akanizeni mwaulemu ndi kuwafotokozera kuti mkaka wa m'mawere uli ndi madzi ndi chakudya chokwanira. Mwana wokulirapo mumutengere madzi otetezedwa ndi kapu yakeyake. Musaiwale buku lake la kusikelo. Ngati mukagona komweko, nyamulani neti yonyikidwa m'mankhwala, pakuti udzudzu wa malungo susankha nyumba.

Pamene akulu atanganidwa ndi macheza, pakhale munthu mmodzi wamkulu woyang'ana ana. Mbaula, mafuta owira ndi madzi otentha zikhale kutali ndi mwana wokwawa. Palafini asasungidwe m'botolo la zakumwa. Mwana akapsa, thirirani madzi ozizira pa chilondacho kwa mphindi 20, musapakepo dzira kapena mankhwala otsukira mano, ndipo pitani naye kuchipatala.

Pophika

Pano ndiye pagona nkhani. Moto umapha tizilombo tambiri, koma chakudya chikazizira ndi kukhalitsa, tizilombo totsalira ndi tina tochokera m'manja ndi ku ntchentche timayambanso kuswana. Kotentha kamodzi kamasanduka tiwiri m'mphindi 20 zokha, ndipo pofika m'mawa timakhala tosawerengeka, chakudyacho chikuoneka ndi kununkhira bwinobwino. Mpunga ndiwo uli ndi vuto lapadera. Tizilombo tina ta mumpunga sitifa pophika, ndipo mpunga ukagonera pofunda timatulutsa poizoni amene satha ngakhale muutenthetsenso. Choncho chakudya chophikaphika chisapitirire maola 2 chili poyera chisanadyedwe.

Ngati mulibe firiji, gawani ntchito motere. Madzulo a pa 24 Disembala petani mpunga ndi kusankha nyemba, sinjani mtedza, sonkhanitsani nkhuni, tungani ndi kuteteza madzi, tsukani mbale ndi kuziyanika pa thandala. Nkhuku iphedwe m'mawa wa Khirisimasi, ndipo mpunga uphikidwe nthawi yakudya itayandikira. Nyama yogula kumsika iphikidwe tsiku lomwelo kapena iwambidwe pamoto mpaka iume. Mukatero mugona msanga ndi kudzuka ndi mphamvu.

Nyama ndi nkhuku zipse mpaka pafupa, pasaoneke magazi. Mpeni ndi mbale zimene zakhudza nyama yaiwisi zitsukidwe ndi sopo musanadulire tomato kapena zipatso. Ndiwo zotsala masana zivundikiridwe, ndipo madzulo ziwirenso mpaka zibwadamuke. Mwana wamng'ono musamupatse chakudya chogonetsa. Mumphikire chatsopano, mumchotsere mafupa ndi minga, ndipo adyere m'mbale yakeyake kuti muone mmene wadyera.

Madzi akumwa, osungunulira thobwa ndi otsukira zipatso akhale owiritsa, kapena othira WaterGuard kapena klorini ndi kudikira mphindi 30. Alendo asasambe m'manja m'beseni limodzi. Athirireni madzi mmodzimmodzi, ndipo sopo akhalepo. Pafupi ndi chimbudzi pakhale mpondagiya wodzaza madzi. Chimbudzi cha mwana chitayidwe m'chimbudzi, chifukwa nachonso chimafalitsa matenda.

Mwana akatsegula m'mimba

Musadikire kuti chikondwerero chithe. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Mwana wosakwana zaka 2 amwe pafupifupi theka la kapu nthawi iliyonse wachita chimbudzi chamadzi, ndipo wokulirapo amwe theka mpaka kapu yodzaza. Akasanza dikirani mphindi 10, nkuyambanso pang'onopang'ono ndi sipuni. Wotsala atayidwe pakatha maola 24. Pitirizani kuyamwitsa ndi kudyetsa, ndipo mumpatse zinki kwa masiku 10 mpaka 14 monga mwa malangizo a azaumoyo.

Thamangirani kuchipatala cha Mwanza, Thambani, Kunenekude kapena Tulonkhondo ngati mwana akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, maso kapena liwombo zalowa, wafooka kwambiri, wakomoka, watentha thupi, chimbudzi chili ndi magazi, kapena chikuoneka ngati madzi otsukira mpunga. Popita muzimumwetsa Thanzi m'njira monse.

Kumbukirani

Mlendo ndi mame, sachedwa kuchoka, koma mwana atsala ndi inu. Sabata ya Khirisimasi isanafike, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu za Thanzi, zinki ndi klorini, kuti zikhale m'nyumba alendo asanafike. Sikelo ya mu Januwale musaiphonye.