Samani ya ndalama zoimikira galimoto ku England: kukhala chete n'kudzigwetsa

Amalawi oyendetsa galimoto ku England ndi Wales ayenera kudziwa kuti samani yochokera ku County Court yofuna ndalama za malo oimikapo galimoto si yongoopseza ayi. Munthu akapanda kuyankha, khoti limagamula mlandu iye kulibe, ndipo chigamulocho, chotchedwa CCJ, chimakhala m'kaundula kwa zaka 6. Nthawi yonseyo kumavuta kupeza ngongole kubanki ngakhalenso nyumba ya lendi.

Ndalamazi si chindapusa cha boma. Makampani oyang'anira malo oimika galimoto pamasitolo ndi m'zipatala amati woimika galimoto wavomera pangano lolembedwa pazikwangwani, ndipo akapyola nthawi ndiye kuti waliphwanya. M'chaka cha 2015, pamlandu wa ParkingEye ndi Beavis, Supreme Court idagamula kuti £85 imene kampaniyo inkafuna inali yovomerezeka. Choncho kungodandaula kuti ndalamazo zachuluka sikokwanira.

Choyamba n'kuwerenga masiku. Samani imatengedwa kuti yafika pakatha masiku 5 kuchokera tsiku limene idatulutsidwa, ndipo kuchokera pamenepo wozengedwa mlandu ali ndi masiku 14 oti ayankhe. Akatsimikizira khoti kuti walandira samaniyo kudzera pa acknowledgment of service, masikuwo amakhala 28. Izi zimatheka pa intaneti, pa Money Claim Online, pogwiritsa ntchito nambala ya mlandu ndi mawu achinsinsi amene ali pachikalatacho.

Wovomera kuti adalakwa akhoza kulipira kapena kupempha kulipira pang'onopang'ono. Wokana alembe mfundo zake zonse momveka, chifukwa kuwonjezera zina pambuyo pake kumafuna chilolezo. Kodi zikwangwani zinkaoneka ndi kuwerengeka bwino? Kodi kampaniyo ili ndi chilolezo cha mwini malo? Kodi papita zaka zoposa 6, zimene ndi malire okasumira ngongole yotere?

Mfundo ina yolemera ili m'lamulo la Protection of Freedoms Act la 2012. Kampani ingafune ndalama kwa munthu amene galimoto idalembedwa m'dzina lake ngakhale sadali woyendetsa, pokhapokha itatsata ndondomeko ya lamuloli. Mwachitsanzo, ngati galimoto idajambulidwa ndi kamera ndipo tikiti sidaikidwe pagalasi, chidziwitso chiyenera kumufika m'masiku 14. Zithunzi, malisiti ndi makalata onse asungidwe ngati umboni.

Milandu yotereyi imapita m'gulu la milandu ing'onoing'ono, momwe kawirikawiri wogonja salipira ndalama zonse za loya wa mnzake. Kuyambira mu May 2024, milandu yambiri ya m'gululi imayamba yadzera kwa mkhalapakati, amene amalankhula ndi mbali zonse pafoni mwaulere, isanafike kwa woweruza. Wogonja akalipira zonse mwezi umodzi usanathe, dzina lake limachotsedwa m'kaundula.

Ambiri amagwa chifukwa chosamuka osasintha adiresi ya m'buku la galimoto ku DVLA. Makalata amapita kunyumba yakale, ndipo munthu amadzadziwa chigamulo chitaperekedwa kale. Kupempha khoti kuti lichifafanize n'kotheka, koma kumafuna ndalama, chifukwa chomveka komanso kufulumira.

Ku Scotland malamulo ndi osiyana. Wofuna uphungu waulere akhoza kupita ku Citizens Advice masiku oyankha asanathe.